Chaka chathunthu ndikupukuta ma external ndi ShredOS, ndi usiku umene inandidyera yolakwika

Ntchito yanga ndi yojambula ndi kukonza makanema. Kanema akatha ndimamupatsa kasitomala pa external hard drive, chifukwa mafayilo ake amakhala aakulu moti kuwatumiza pa intaneti n'kudzizunza chabe. Munthu amapita nayo, n'kukopera zake, ndipo pakatha sabata kapena mwezi amabweza. Ena mpaka uwaimbire foni kanayi. Choncho ma external anga 14 amangozungulira, lero ali kwa uyu, mawa kwa winayo. Kwa zaka zambiri ikabwera ndinkangoilumikiza pa kompyuta, n'kuifomata mwachangu, masekondi asanu basi, kenako n'kuikamo za munthu wotsatira. Mumtima ndinkati yayera.

Chimene chinanditsegula maso ndi ngozi ina yosakhudzana n'komwe ndi ma external. Ndinadilita mwangozi zithunzi za pa memory card ya kamera, ndipo pofunafuna chithandizo ndinapeza PhotoRec, kapulogalamu kaulere kobweza mafayilo otayika, kolembedwa ndi Christophe Grenier wa ku France. Zithunzi zanga zinabwera pafupifupi zonse. Ndikusangalala choncho, maganizo ena anandibwerera: ngati kabweza izi, nanga pa ma external aja kangapezepo chiyani? Ndinatenga imodzi ya 1 TB imene ndinali nditaifomata kawiri chibwerere, n'kuisiya ikufufuzidwa. Nditabwerako patatha ola, ndinapeza mafoda ataima pamzere, recup_dir.1, recup_dir.2, mpaka kupitirira 30, m'kati mwake muli mafayilo opanda mayina enieni, ongoyamba ndi f kenako manambala. Nditayamba kutsegula ndinamva kutentha kumaso. Munali zithunzi za kasitomala wa chaka chapitacho, zimenezo sizinandidabwitse kwenikweni. Koma munalinso zinthu zimene sindinaikemo ine: tsamba la pasipoti losikanidwa, sitetimenti ya ku banki, kalata ya dokotala. Mwini wake anangoona kuti ali ndi external m'manja, n'kuigwiritsa ntchito kunyamulira zake, kenako n'kudilita asanabweze. Chiyambire pamenepo external imeneyo inali itapita kwa anthu ena awiri.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kufomata mwachangu kumangolemba ndandanda yatsopano yopanda kanthu, yonena kuti malo onse ndi omasuka. Zili ngati kung'amba tsamba la zam'katimu la buku n'kusiya mitu yonse ili pomwepo. Amene akudziwa kuwerenga angoyamba tsamba loyamba. Mafayilo amachoka pokhapokha china chikalembedwa pamwamba pawo, ndipo malo amene sanalembedwepo amasunga zakale kwa zaka. Si ine woyamba kuzizidwa nazo. Mu 2003 ophunzira awiri a ku yunivesite ya MIT ku United States, Simson Garfinkel ndi Abhi Shelat, anafalitsa zimene anapeza atagula ma hard drive 158 ogwiritsidwa kale ntchito. Mwa amenewo 129 ankagwira ntchito, ndipo 12 okha ndi amene anali atapukutidwa moyenera. M'menemo anapezamo manambala a makadi a ngongole oposa 5,000.

Ndiye ndinafunika njira yolembera pamwamba pa disiki yonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ndinkafuna izichitika ndekha ndili mtulo. Windows imatha kuchita zimenezi. Kuyambira pa Windows Vista, mukachotsa kachizindikiro ka Quick Format, imalemba maziro paliponse, ndipo lamulo la clean all m'kati mwa diskpart, kapulogalamu ka Windows kokonzera madisiki, limachitanso chimodzimodzi. Amene ali ndi external imodzi yoti apatse m'bale wake, zimenezo zamukwanira, asavutike ndi nkhani yanga yonseyi. Ine vuto linali loti kompyuta yomweyo ndi imene ndimadyera, ma external amabwera atatu kapena anayi nthawi imodzi, ndipo Windows ikamaliza sikusiyira umboni uliwonse woti yachitadi. Mnzanga wina anatchula DBAN, pulogalamu yopukutira madisiki imene anthu akale pa makompyuta amaikonda kwambiri. Anailemba ndi Darik Horn, kampani ya Blancco inaigula mu 2012, ndipo mtundu wake womaliza unatuluka mu 2015. Inapangidwira makompyuta a nthawi imeneyo, ndipo siyaka pa makompyuta amene amangoyambira pa UEFI, njira yatsopano imene makompyuta amayakira. Koma injini yake siinafe. Anthu ena anaitenga n'kuipitiriza pansi pa dzina la nwipe, ndipo ShredOS ndi ka Linux kakang'ono koikidwa pa fulashi kamene ntchito yake n'kungoyatsa kompyuta n'kutsegula nwipe. Zonse ndi zaulere, zimapezeka pa GitHub.

Kuika pa fulashi sikunanditengere mphindi khumi. Ndinatsitsa fayilo yake, n'kuilemba pa fulashi yakale ndi Rufus, kapulogalamu kokonza fulashi kuti izitha kuyatsa kompyuta, n'kufukula laputopu yanga yakale imene inali itagona m'kabati. Chinthu choyamba chimene ndinachita, ndipo ndimadzithokoza nacho mpaka lero, ndinamasula kumbuyo kwake n'kuchotsa hard drive yam'kati. Laputopu imeneyo tsopano ilibe chilichonse choti chingawonongeke. Ukayatsa, pakatha masekondi ochepa pamabwera sikirini ya buluu, ya malemba okhaokha, yopanda mbewa. Pansi pamakhala mndandanda wa madisiki onse olumikizidwa, iliyonse ndi kukula kwake, mtundu wake, nambala yake ya siriyo, ndipo pa ambiri imaonetsanso kutentha. Umatsika ndi mivi, kudina Space pa imene ukufuna, pamalembedwa wipe. M ndi yosankhira njira, V ndi yosankhira kutsimikizira, ndipo kuti iyambe umadina Shift ndi S pamodzi. S yekha sayambitsa kanthu, ndipo ndikuganiza anachita dala kuti chala chikaterereka pasakhale maliro.

Ikayamba, disiki iliyonse imakhala ndi mzere wake woonetsa peresenti, liwiro, ndi nthawi yotsala. Zonse zimapukutidwa limodzi, osati kudikirana. Pamenepa ndi pamene pulogalamuyi inandigula mtima, chifukwa ma external anayi amatha mu nthawi ya wamkulu mwa iwo, bola magetsi ndi zingwe zikhale bwino. Ndibwerera ku zingwezo.

Pa njira zopukutira ndi pamene ndinataya sabata yanga yoyamba, ndipo ndikufuna inu musataye yanu. Ukadina M umapeza mndandanda wa mayina oopsa: DoD Short, DoD 5220.22-M, Gutmann Wipe, PRNG Stream, HMG IS5, ndi kanjira kooneka konyozeka kolembedwa Fill With Zeros. Munthu amene wangoona kumene pasipoti ya kasitomala ikutuluka m'manda, dzanja limapita lokha pa Gutmann, chifukwa imalemba maulendo 35. Inenso ndinatero. Ndinaika external ya 2 TB, ndipo nthawi yotsala itakhazikika inandiuza zoposa sabata. Masamu ake ndi awa: external wamba yaing'ono, yoyendera USB 3.0, imalemba pafupifupi 100 MB pa sekondi mukaphatikiza ulendo wonse. Imayamba mothamanga, mwina 130, n'kumatsika mpaka cha m'ma 60 ikamafika kumapeto, chifukwa pa mbale yozungulira imene disiki imalembapo, mizere ya m'kati ndi yaifupi kuposa ya kunja. Ndiye 2 TB imafuna maola asanu ndi theka pa ulendo umodzi. Chulukitsani ndi 35, mupeza masiku 8 disiki ikungolira usana ndi usiku.

Nditawerenga ndinaseka ndekha. Peter Gutmann, wa ku Auckland ku New Zealand, analemba njira imeneyo mu 1996, ndipo maulendo ambiri mwa 35 amenewo analunjika pa kalembedwe ka madisiki akale kwambiri, a MFM ndi RLL, amene palibe akuwagwiritsa ntchito lero. Iye mwini anadzawonjezera mawu pambuyo pake odandaula kuti anthu akuitenga njirayo ngati mankhwala othamangitsira mizimu, pamene pa madisiki atsopano maulendo ochepa a manambala osakanizika ndi okwanira. Bungwe la NIST la ku United States, m'malangizo ake a SP 800-88 amene anatuluka koyamba mu 2006, pa mtundu wokonzedwanso wa 2014 linagawa kupukuta m'magawo atatu, Clear, Purge ndi Destroy, ndipo pa hard drive ya maginito linavomereza kuti kulemba pamwamba ulendo umodzi, ngakhale ndi maziro, kwakwana pa gawo la Clear. Gawo limenelo ndi loteteza kwa munthu wa pulogalamu ngati PhotoRec, yemwe ndi amene ine ndimamuopa. Makasitomala anga sasakidwa ndi akazitape.

Choncho ndinakhazikika pa Fill With Zeros ulendo umodzi, ndi kutsimikizira kwa ulendo womaliza. Kutsimikizirako kumatanthauza kuti ikamaliza kulemba imabwerera poyamba n'kuwerenga disiki yonse kuona ngati paliponse palidi ziro. Kumawirikiza nthawi, 1 TB imatha maola pafupifupi 5 kapena 6, 2 TB maola 11, 4 TB pafupifupi tsiku lathunthu. Ena amakuchotsa kuti afulumire. Ine sindikuchotsa, ndipo ngati pali chinthu chimodzi chimene ndingakukakamizeni ndi chimenechi: nthawi imene mukanaitaya pa maulendo 7 a DoD, ipatseni kutsimikizira. Kawiri konse kwandigwirira disiki yodwala imene inkaoneka bwinobwino. Kuti mtima ukhale pansi, nditapukuta koyamba ndinaibwezeranso kwa PhotoRec external yomwe ija ya pasipoti. Inafufuza maola atatu, n'kutuluka chimanjamanja. Ndinaitsegulanso ndi hexedit, pulogalamu yoonetsa manambala enieni olembedwa pa disiki, imene imabwera limodzi ndi ShredOS, n'kumadumpha poyamba, pakati, kumapeto. Paliponse 00 00 00 00.

Za zingwe tsopano. Usiku wina ndinaika ma external awiri a 2 TB ofanana. M'mawa imodzi inali itatha, inayo isanamalize n'komwe ulendo woyamba. Ndinaganiza kuti yafa. Ayi, ndinali nditaibaya pa doko la USB 2.0. Papepala limati 480 Mb pa sekondi, koma zenizeni ndi cha m'ma 35 MB, kutanthauza maola 16 polemba ndi ena 16 powerenga. Madoko a USB 3.0 nthawi zambiri amakhala ndi kalilime ka buluu kapena chizindikiro cha SS pambali. Amene sindikuwafuna ndinangowamata ndi tepi. Vuto lachiwiri linali la hub, kachipangizo kochulukitsa madoko a USB. Ma external aang'ono alibe pulagi yawoyawo, amayamwa magetsi pa USB, ndipo doko limodzi la USB 3.0 linapangidwa kuti lizipereka 900 mA, la USB 2.0 500 mA. Ndinaika atatu pa hub yopanda adaputa yake, ndipo ndinayamba kumva kuti tiki, tiki, tiki, mbale ikufuna kuzungulira koma mphamvu ikuperewera. Imodzi inasowa pamndandanda ili pa 40 peresenti, mzere wake n'kusanduka wofiira. Nditagula hub yokhala ndi adaputa yakeyake, vutolo linatheratu. Ubwino wa laputopu ndi woti magetsi akaphethira batire imagwira, koma kumbukirani kuti hub ya adaputa imathima nawo limodzi, ndipo nwipe sipitiriza pamene inalekera. Mumayambiranso pa ziro.

Tifike pa nkhani imene ambiri amafunsa, yoti kodi zingatheke kuti munthu ungobaya external n'kuchoka, yokha ipukute? Zimatheka, ndipo ShredOS inakonzedwa mwakuti zimenezi n'zosavuta, mwinanso zosavuta mopitirira. Pa fulashi pamakhala fayilo ya grub.cfg. Mukaitsegula pa kompyuta ina n'kuwonjezera nwipe_options ndi mawu ngati --autonuke, --method=zero, --verify=last ndi --autopoweroff, ndiye kuti mwaiuza kuti ikangoyaka isafunse kanthu, ipukute madisiki onse amene yawaona, itsimikizire, kenako ithimitse kompyuta. Pali njira yoiuza kuti idumphe fulashi yake yomwe, ndipo --exclude imateteza disiki ina iliyonse imene mwaitchula. Kwa miyezi itatu ndinkakhala ngati bwana. Madzulo ndibaya anayi, ndidina batani loyatsira, ndipita kukagona. M'mawa laputopu yathima, ma external azizira, ntchito yatha.

Tsiku limene zinanditembenukira ndinali nditatopa. Ma external anga ambiri ndi akuda, a kukula kofanana, ogulidwa nthawi imodzi. Patebulo panali atatu obwera kwa makasitomala, ndi wina wachinayi amene ndinkasungirapo ntchito yosatha ya masiku awiri, imene ndinali ndisanaikopere kwina. Ndinawasonkhanitsa onse ndi dzanja limodzi ngati mmene umatolera mbale patebulo, kubaya, kuyatsa, n'kupita kukasamba. Ndili pakati posamba ndi pamene funso linandibaya: obwera lero anali atatu, nanga ndabaya bwanji anayi? Ndinatuluka ndi sopo kumutu. Sikirini ya buluu inali phee, mizere inayi ikuyenda mwaulemu, wanga uli pa 3 peresenti. Ndinadina Ctrl ndi C manja akunjenjemera.

Peresenti zitatu zimamveka zochepa. Koma mphindi khumi pa liwiro limenelo ndi 60 GB kapena kuposa, ndipo ndi 60 GB zoyambirira, kumene kumakhala ndandanda ya mapatishoni (magawo a disiki) ndi ndandanda ya mafayilo. Disiki inangooneka ngati yatsopano. PhotoRec yomwe ija inandibwezera zambiri za kumbuyo, koma zopanda mayina, zopanda mafoda, ndipo makanema aakulu amene anali omwazikana m'zidutswa anabwera othyoka, ena amayamba bwino n'kuuma pakati. Zojambula zenizeni ndinazipeza pa makadi a kamera, mwamwayi ndinali ndisanawafomate. Koma ntchito yodula ndi kulumikiza ya masiku awiri inapita. Sindingainamizire pulogalamu. Inachita ndendende zimene ndinailamula, ndipo malangizo ake amachenjeza momveka za autonuke. Wolakwa anali amene anali ndi sopo kumutu.

Nditakhala pansi ndinadzifunsa kuti kodi autonuke inkandipulumutsira chiyani kwenikweni. Maola 11 odikira sinawachepetse. Kusankha njira, kutsimikizira, kuthimitsa, zonsezo zimatheka popanda iyo. Chimene inkandichotsera ndi masekondi 30 oyang'ana mndandanda ndi kudina Space kanayi, ndipo masekondi amenewo ndi okhawo pa ntchito yonse amene amafuna mutu wa munthu. Ndinachotsa mawu amodzi okhawo mu grub.cfg n'kusiya ena onse. Tsopano ikayaka imapezeka itasankha kale maziro ndi kutsimikizira, ikudikira ine. Ndimawerenga manambala a siriyo pa sikirini, kufananitsa ndi a m'kope langa, kudina Space, Shift ndi S, n'kukagona. Ikamaliza imadzithimitsa yokha. Ndinagulanso tepi yofiira. External ikabwera, ndimayamba ndafunsa mwini wake kuti, "Mwakopera zonse, ndipo mwayesa kuzitsegula?" Akavomera ndimamatapo tepi yofiira n'kuiponya m'bokosi lake. Yopanda tepi siyandikira laputopu ija, ngakhale nditapenga bwanji. Ikapukutidwa tepi imachoka.

Ndisabise, ndisanagonje ndinayesanso njira ina yopitirira pamenepo. Pa Linux wamba mukhoza kulembera udev, gawo lake loona zipangizo zimene zabayidwa, lamulo loti disiki ya USB ikangobayidwa pulogalamu iyambe yokha, osayatsanso kompyuta. ShredOS payokha sichita zimenezo, nwipe imawerenga madisiki poyamba pokha, ndipo yobayidwa pambuyo siyiona mpaka muiyambitsenso. Ndinatha Loweruka lathunthu ndikulimbana nazo. Ndinaphunzira kuti udev imapha ntchito iliyonse yotenga nthawi yaitali imene yayambitsidwa mwachindunji m'lamulo lake, ndiye umayenera kuipatsira kwa systemd, imene imayendetsa mapulogalamu a kumbuyo pa Linux. Ndinaphunziranso kuti mayina ngati sdb ndi sdc amasinthana malinga ndi imene yayamba kuoneka, ndipo odalirika ndi a mu /dev/disk/by-id. Zinagwira. Kenako mwana wa mchemwali wanga anabwera kudzacheza, ndipo ndinamupeza ataima pafupi ndi laputopu ali ndi fulashi yake m'manja, akufunafuna pobaya. Madzulo omwewo ndinalichotsa lamulolo. Kwa kampani imene imapukuta madisiki mazana m'chipinda chokhoma, ndikumvetsa. M'nyumba ya anthu, doko lodya chilichonse chimene chalowamo ndi msampha.

Chinthu china chimene sindinkachiyembekezera koma ndachikonda ndi satifiketi. Mitundu yatsopano ya nwipe imatulutsa PDF pa disiki iliyonse, yoonetsa mtundu, siriyo, kukula, njira imene yagwiritsidwa ntchito, nthawi yoyamba ndi yomaliza, ngati panali zolakwika, komanso lipoti la SMART la thanzi la disikiyo. ShredOS imazisunga pa fulashi limodzi ndi log. Makasitomala wamba safunsa. Koma ndinagwirapo ntchito ndi ofesi ina imene inkajambulitsa zokambirana zachinsinsi, ndipo mayi amene ankayang'anira anandifunsa kuti adziwa bwanji kuti zachokadi. Ndinawatumizira PDF, nkhani inathera pomwepo. Chenjezo limodzi: onetsetsani kuti wotchi ya laputopu ili bwino. Yanga kabatire kake kam'kati kanali katatha, ndipo masatifiketi oyamba anatuluka ndi chaka cholakwika.

Lipoti la SMART lija ndimaliwerenga ndithu, manambala awiri okha. Nambala 5 imanena za magawo owonongeka amene disiki yawasiya n'kusamukira kwina, 197 imanena za amene akukayikitsa. Zikakhala ziro, external imabwerera kuntchito. Zikayamba kukwera, siipitanso kwa kasitomala. Palinso mfundo ina apa imene anthu saiganizira: gawo limene disiki yalisiya, pulogalamu singalifikenso, ndiye zimene zinalembedwamo kale zimatsala momwemo. Ndi zochepa kwambiri, koma pa disiki yodwala imene inasungapo zinthu zovuta, ine ndimangoimasula, kutulutsa mbale, n'kuziboola. Dziwaninso kuti si kabokosi kalikonse ka USB kamene kamalola SMART kudutsa. Pa ma external anga awiri akale malo a kutentha amangokhala opanda kanthu, ndipo siriyo yooneka pa sikirini ndi yosiyana ndi yolembedwa kunja kwa chikwama. Amenewo ndinalemba manambala onse awiri m'kope.

Zonse ndanenazi ndi za ma hard drive a mbale zozungulira. Ngati external yanu ndi SSD, disiki yopanda mbale yosunga zinthu m'timachipi, nkhani imasintha. SSD simalemba pamalo omwe mwaiuza. Imamwaza zolemba m'timaselo take kuti tisathe mbali imodzi, ndipo imakhala ndi malo ena osungira amene kompyuta siwaona. Ndiye mukhoza kulemba maziro kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kutsimikizira n'kunena kuti zonse zili bwino, koma zidutswa zakale zili m'malo obisikawo. Ofufuza a ku University of California ku San Diego anaonetsa zimenezi mu 2011, ndipo anapezanso kuti ma SSD ena a nthawi imeneyo ankanena kuti adzipukuta pamene sanatero. Njira yoyenera ndi lamulo la m'kati mwa SSD yomwe, Secure Erase kapena Sanitize, ndipo ShredOS imabwera ndi hdparm ndi nvme zotumizira malamulo amenewo. Vuto ndi loti kudzera pa USB malamulowa nthawi zambiri sadutsa, ndipo akadutsa mwatheka akhoza kusiya disiki itakhomedwa osatsegukanso. Sindinayese, ndipo sindikulangizani kuyesa pa chinthu chimene mukuchifunabe. Ma SSD anga awiri sapita kwa makasitomala. Ndinawatseka ndi VeraCrypt, pulogalamu yobisa zam'disiki ndi kiyi yachinsinsi, tsiku lomwe ndinawagula, kotero kuti chilichonse cholowamo chimalowa chobisika kale, ndipo tsiku lowataya kungowononga kiyi kwakwana.

Zodandaula zilipo. Sikirini yake ndi yoopsa kwa munthu amene sanazolowere, ndipo malemba pa laputopu yanga ndi aang'ono moti siriyo ndimaiwerenga nditayandikira ngati ndikulowetsa ulusi pa singano. Malangizo ake pa GitHub ndi aatali, olembedwera anthu odziwa kale Linux. Pa makompyuta ena muyenera kuyamba mwathimitsa Secure Boot, chitetezo chokana kuyatsa kompyuta ndi pulogalamu yosaidziwa, kuti fulashi iyake. Ndipo ikamaliza imakusiyirani disiki yopanda chilichonse, ngakhale patishoni. Mukaibaya pa Windows sioneka m'mafoda, ndipo koyamba ndinaganiza kuti ndaipha. Mumapita ku Disk Management, kuiyambitsa ngati GPT (mtundu wa ndandanda ya mapatishoni), kupanga patishoni, n'kuifomata. Apa kufomata mwachangu kulibenso vuto chifukwa pansi pake palibe kanthu. Ine ndimasankha exFAT, chifukwa imawerengedwa ndi kulembedwa pa Windows ndi pa Mac pomwe, ndipo ilibe malire a FAT32 okana fayilo yofika 4 GB, amene kwa wa makanema ndi chipongwe. Ndikanakonda ShredOS ikanamachita yokha gawo limeneli, chifukwa ndi lokhalo limene limandikakamiza kunyamula ma external kupita nawo pa kompyuta ina m'mawa.

Ndingailangize kwa ndani? Kwa aliyense amene madisiki amadutsa m'manja mwake kawirikawiri: ojambula ngati ine, okonza makompyuta, osunga zipangizo mu ofesi kapena pasukulu, ogulitsa zogwiritsidwa kale ntchito. Mufunika kompyuta yakale yochotsedwa disiki yake, fulashi imodzi yoti isagwirenso ntchito ina, hub ya adaputa, ndi kope. M'chaka chimenechi ndapukuta maulendo oposa 60 malinga ndi kope langa, ndipo kupatula usiku wa hub ndi usiku wa sopo, sinandikhumudwitsepo. Ma external awiri ndawapumitsa chifukwa cha zimene kutsimikizira kunapeza, atsala 12. Pamene ndikulemba pano m'bokosi muli atatu a tepi yofiira, ndi wina wachinayi amene ndamuika padera pa shelefu, chifukwa mwini wake nditamufunsa ngati wakopera zonse anayankha kuti, "Ndikuganiza choncho." Ameneyo adikira mpaka ndimve yankho lina.